Ulusi Ukapotana Pansi

Ife odzipeleka pa wailesi ya m'dela sitilandila malipilo. Ndiye caka catha tinasonkhelana anthu atatu n'kugula makina osokela a Butterfly, aja opalasa ndi mapazi, kwa mai wina amene anali kusamukila ku Lusaka. Tinati tikacoka pa maikolofoni tizisoka, tipezeko ya sopo.

Nchito yoyamba inali yopinda citenje ca aneba athu, coti akavale ku ukwati pa Ciwelu. Pamwamba msoko unaoneka bwino. Titatembenuza nsalu, pansi panali ulusi wopotana ngati ndevu za cimanga.

Popeza vuto linaonekela pansi, mlandu tinaupatsa bobini. Tinamanga kasikulu kake, tinakamasula, tinakamanganso. Ulusi unayamba kuduka, singano ziwili zinathyoka, ndipo posula msoko ndi lezala tinaboola citenje ca eni ake. Mmodzi wa ife anati tinagula cakufa, tingogulitsa.

Pa Cinai tinamanga mutu wa makinawo pa njinga mpaka kwa atelala ena acikulile pa msika wa Kapata, kuno ku Chipata. Anabwezela kasikulu kaja m'malo mwake, kenako anati, "Ana anga, tungani ulusi ndione."

Tinatunga. Iwo anaseka.

"Kaphazi kopanila nsalu mwakasiya pansi. Kakakhala pansi, timbale togwila ulusi wa pamwamba timatsekeka, ulusi sulowa pakati. Umayenda wolobodoka n'kukaunjikana kunsi. Bobini wanu alibe mlandu."

Anationetsanso kuti tinali kulumpha kacitsulo kaja kokwela ndi kutsika, kamene kamakoka ulusi kuti msoko umangike. Singano nayo tinaiika cotembenuza: ili ndi kamsewu katali mbali imodzi, ndipo ulusi uyenela kulowela mbali imeneyo. Anati citenje cifuna singano ya namba 14, jinzi ifuna 16, ndipo singano yobuntha imalumpha misoko ngakhale makina ali bwino. Poyamba kusoka, nsonga zonse ziwili za ulusi uzigwile kumbuyo, gudumu ulizungulize cobwela kwa iwe. Nsalu osaikoka, mano a makina amaiyendetsa okha. Kukoka kuja ndiye kunatithyolela singano.

Zonsezi sizinathe mphindi makumi awili, ndipo ndalama anakana.

Citenje coboola cija tinalipila, zinatipweteka m'thumba. Aneba anapita ku ukwati atavala cina, koma patapita mwezi anabweletsa yunifomu ya mwana wao kuti tifupikitse. Cakale cija tinacisunga. Ndico timayeselapo msoko tisanakhudze nsalu ya munthu aliyense.

Tsopano ulusi ukapotana pansi, sitithamangilanso sikuludilaiva. Timakweza kaphazi, kucotsa ulusi wonse wa pamwamba, n'kutunganso kuyambila pa ciyambi. Nthawi zambili nkhani imathela pomwepo.