Mota ya tiliti ikafooka musathamangire kuipha

Uthengawu ndi wautali koma werengani mpaka kumapeto, ungapulumutse ndalama za bwana wanu, mwinanso ntchito yanu imene.

Ife ana a asodzi tinakulira pa injini zopachika kumbuyo, ma Yamaha Enduro aja. Madzi akachepa umangogwira ndi dzanja n'kuidzutsa, basi. Bambo anga akokera nkacha pa Malombe moyo wawo wonse, batani lodzutsira injini sanaligwirepo. Koma pali maboti ena akale, a fayiba, omwe amabwera ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Joni. Injini yake imakhala m'kati ngati ya galimoto, kunja kumangotuluka mwendo wokhala ndi pulopela. Amenewo ndiye ma stern drive. Volvo Penta anayamba kuwagulitsa mu 1959, MerCruiser n'kutsatira mu 1961. Mwendo umenewo ndi wolemera, sungaudzutse ndi dzanja boti likuyenda. Umadzutsidwa ndi kamota ka magetsi ka 12 volts komwe kamapopa oyilo kupita m'masilinda awiri a m'mbali mwake.

Ku nyanja yakuya kamotako kakafooka ndi nkhani yaing'ono. Kuno ayi. Malombe ndi nyanja yosazama, ndipo mu Shire, kuchoka ku Liwonde kukwera cha ku Mvuu, muli milu ya mchenga, zitsa ndi namasupuni. Mwendo ukakana kudzuka pulopela imalima matope, injini imamwa mchenga, kenako mwaima pakati pa mvuu ndi ng'ona muli ndi alendo. Si malo otsikira m'madzi n'kumakankha amenewo.

Mwezi wathawu anandiitana kuchoka pa Ulongwe pano kuti ndikaone boti lotere, la MerCruiser yakale. Ukadina batani lotsitsa, mwendo umatsika bwinobwino. Ukadina lokweza, mota imangobuula ngati ng'ombe yodwala, mwendo n'kukwera pang'ono, n'kuima. Mwini wake anali atagamula kale: mota yapsa, waipsereza ndi dalaiva, ina iitanitsidwe ku Johannesburg ndipo ndalama yake azidula pa malipiro a mdalayo. Mdala wake ndi wa msinkhu wa bambo anga, ali ndi ana kusukulu. Anandikokera pambali n'kuti, "Mwanawe, uyang'ane bwino. Ine batani lija sindinalizunzepo." Ndinati, "Madala, khalani phee, tiyambe taifunsa mota yakeyo."

Mafunsidwe ake ndi awa, ndipo ndondomeko yake musaidumphe.

Choyamba, tsegulani chivundikiro cha injini mphepo ipite. Mpweya wa petulo umakhala pansi m'botimo, ndipo ntchito iyi imathetheka moto. Mwendonso muuchirikize ndi thabwa, munthu asalowetse mutu kapena dzanja pansi pake.

Chachiwiri, batire. Lodzaza bwino likangokhala limaonetsa 12.6 pa mita. Koma batire lokhala chete limanama, muliyeze wina atadina batani. Lathuli linaonetsa 12.6, podina n'kutsika pang'ono chabe. Batire linalibe mlandu.

Chachitatu, ndipo apa ndi pomwe ambiri amadumpha: yezani magetsi pa mota penipeni, batani lili chodinidwa. Ine ndinapeza 8. Batire likutumiza pafupifupi 12, mota ikulandira 8. Zinayi zija zathera kuti? Zili ngati kutumiza mwana ndi nsomba khumi ndi ziwiri, kunyumba n'kufika zisanu ndi zitatu. Simukalipira mayi wophika, mumatsata njira yomwe mwanayo wadzera.

Njira yake ndi iyi: waya wofiira kuchoka ku batire, fyuzi yaikulu ya pa pampu, ma solenoid awiri, kenako mota, ndi waya wakuda wobwerera. Solenoid imodzi ndi yokweza, ina yotsitsa. Waya wa buluu ndi wokweza, wobiriwira ndi wotsitsa. Osaiwala: buluu kumwamba ngati thambo, wobiriwira pansi ngati udzu. Ndinatenga waya wa jampa kuchoka ku batire, wakuda pa nsonga ya waya wobwerera wa mota, wofiira n'kugusa pa wabuluu. Aise, mota ija inalira ngati yatsopano, mwendo n'kukwera mpaka pamwamba osapuma. Bwana anangoti kukamwa yasa.

Akuba anali awiri. Solenoid yokweza m'kati mwake munali mutapsa, mwakuda bii. Imalira "tha" ukadina, anthu n'kumati ili bwino, koma kulira si kudutsitsa moto. Wachiwiri anali waya wakuda. Kunja amaoneka bwino, koma nditasenda chikopa chake pafupi ndi kumapeto ndinapeza mkuwa wasanduka ufa wobiriwira. Madzi a m'boti amalowa pang'onopang'ono zaka zambiri. Nanga bwanji kutsika kumatheka? Chifukwa potsika mwendo umathandizidwa ndi kulemera kwake, mota sivutika, ndiponso moto umadzera solenoid inayo. Pokwera m'pamene pamafunika mphamvu zonse.

Ndinadula waya wowolayo, ndinaika mutu watsopano, ndinapala malo onse olumikizira mpaka kuwala n'kupaka girizi, solenoid n'kusintha. Mota ya ku Johannesburg sinaitanitsidwe, malipiro a mdala sanadulidwe.

Tsono kwanu sizingakhale chimodzimodzi, nde mverani kulira kwake. Mukaipatsa moto wachindunji koma ikubuulabe, itseguleni: mabulashi amatha, pomwe amakhudza pamada, nthawi zina mumalowa madzi. Mabulashi amasinthika, amakaniko a ma sitata a galimoto pa Liwonde kapena ku Mangochi ntchito imeneyi amaidziwa. Mota ikamathamanga mopepuka koma mwendo osasuntha, vuto si magetsi, onani oyilo m'kathanki ka pampu. Akachepa pampu imameza mpweya. Akaoneka ngati tiyi wamkaka mwalowa madzi, masilo a silinda atha. Mota ikamalemedwa n'kumatentha chonsecho magetsi akufika okwanira, onani mapini omwe mwendo umazungulirapo, mwina agwira dzimbiri, kapena ndodo ya silinda inapindika tsiku lomwe munagunda chitsa. Mwendo ukakwera bwino koma n'kumatsika wokha usiku, oyilo akuthawira m'kati, m'mavavu kapena m'masilo.

Madalaiva, ziwiri izi ndi zanu. Mwendo ukakana musakakamire batani, mota yolandira magetsi ochepa imatentha, ndipo mukapitiriza ipsadi. Komanso musathamangitse injini mwendo uli m'mwamba kwambiri, mumapha majointi a m'kati ndi labala wotchinga madzi uja. Labala ameneyo akang'ambika boti limamwa madzi lili pa doko.

Kwa eni maboti, ndi ulemu wonse mabwana: chitsulo chikafooka pamakhala chifukwa, ndipo chifukwacho chimayezeka. Mita ndi yotchipa kuposa mota, ndipo kuyeza konseku sikutha ola limodzi. Dalaiva amene wakuuzani msanga kuti mwendo ukuchedwa kudzuka ndi amene akusamala katundu wanu. Mukamudula malipiro, mawa akamva kubuula adzangokhala chete mpaka mudzaime pakati pa mtsinje. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Tumizani kwa aliyense amene amagwira chiwongolero pamadzi, kuyambira ku Liwonde mpaka ku Monkey Bay. Amene muli ndi Volvo Penta yakale, ina mwa iyo imadzutsa mwendo ndi mota yopota chitsulo cha mazinga popanda oyilo, koma poyambira m'pomwepo: batire, mawaya, kenako mota. Muyende bwino pamadzi.