Za Ulendo wa pa Nyanja: Posankha Zoona pa Madoko

Ife a kuno ku Mchinji tiri anthu a kumtunda, ozolowera khasu koposa nkhafi; komatu mtsinje wa Bua, umene uyambira m'mapiri athu ano, utsikira ku nyanja m'dziko la Nkhotakota. Tsono ngati mwakolola mtedza ndi kusungako ndalama, nkwabwino kutsata madzi athuwo ndi kukakwera sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, niyamba kuyenda pa nyanja mu 1951. Ulendo wake wochokera ku Monkey Bay kufika ku Chilumba ndi kubwerera utenga pafupifupi sabata.

Mau athu ndi awa: sitima siidikira munthu. Iima pa doko kuti itsitse katundu ndi kukweza wina, ndipo ntchitoyo ikatha iliza lipenga ninyamuka. Wotsalira adzakhala masiku ambiri pa gombe la eni, thumba likupepuka. Chifukwa chake musanatsike funsani amalinyero nthawi yonyamukira, ndipo pa doko lirilonse musankhe chinthu chimodzi chokha, chapafupi, chofikika ndi miyendo.

Ikaima pa Nkhotakota, iima patali ndi mtunda pakuti madzi ngosaya, ndipo anthu atsika ndi mabwato ang'ono. Apa musataye nthawi pa msika wa nsomba. Pitani ku mtengo umene David Livingstone anakomana pansi pake ndi Jumbe mu 1863, nampempha kuti aleke kugulitsa anthu. Pa gombe limeneli akapolo ochuluka, ena ogwidwa m'midzi ya Achewa, anakwezedwa m'zombo kuoloka nyanja, nayendetsedwa pansi kufikira ku Kilwa. Imani pamenepo ndi ana anu, muwafotokozere. Pafupi pomwepo, m'tchalitchi cha Aangilikani, muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895.

Pa chilumba cha Likoma, dziko la milambe loyang'anana ndi mapiri a Mozambique, chosankha nchodziwikiratu: tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, chimene Aangilikani anayamba kumanga mu 1903. Munthu adabwa kuona nyumba yotere pa kachilumba kochepa chomwecho. Lowani mwaulemu monga alendo, amuna atavula zipewa.

Ku Nkhata Bay kuli piringupiringu wa malonda, nthochi, usipa ndi kondowole. Gulani kamba, koma muyambe mwaona chikumbutso cha anthu amene anaomberedwa ndi asilikali a boma la Azungu pa 3 Malichi 1959, pamene anasonkhana pa doko chifukwa cha abale ao omangidwa. Ndilo tsiku limene dziko lonse likumbukira chaka ndi chaka.

Pa Chilumba mtima udzafuna Livingstonia, mishoni ya pamwamba pa phiri la Khondowe. Ulezeni mtimawo, pakuti mseu wake ngwautali, wokhotakhota ndi wokwera kwambiri. Malo amenewo afuna ulendo wakewake.

Wofuna kuona zonse abwerera ndi kutopa kokha, kapena aipeza sitima itapita. Koma woona chimodzi bwinobwino afika nacho kwao, nakhala ndi chosimba madzulo pa moto, ana ndi adzukulu atamzungulira.