Chala changa chili pa pepala lomwe sindinaliwerengepo

Kwathu ndi ku Namitambo kuno ku Chiradzulu. M'chaka cha 1959 ndinali nditangokwatira kumene, ndipo mlandu wanga wonse unali khadi la Kongeresi. Kuno munthu sankachita kukopedwa kuti akane Chitaganya. Makolo athu anavutika ndi thangata m'minda ya azungu, ndipo nkhani ya John Chilembwe ndi tchalitchi chake cha ku Mbombwe, chimene boma linachiphulitsa mu 1915, tinkaimva tili pa msana.

Pa 3 Malichi Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa chiopsezo. Dr Banda anawatengera ku Gwelo, ena ku Khami, ena ku Kanjedza. Omangidwa anapitirira 1,000, ophedwa anali oposa 50. Ife a m'midzi anatifika pambuyo pake, m'mamawa kusanache. Anathyola chitseko, natayira chimanga cha m'nkhokwe pabwalo, mayi a kunyumba atagwira pakamwa pakhonde. Ananditaya mu lole pamwamba pa anzanga.

Komwe anatitsekera kunali waya waminga kuzungulira. Funso linali limodzi tsiku ndi tsiku: kodi ku msonkhano wa kutchire wa mu Januwale munapangana zopha azungu liti? Ine ku msonkhanowo kunalibeko. Ndikatero amandigwaditsa pa miyala yaing'onoing'ono, manja pamutu, dzuwa lili paliwombo. Manja akatsika, chibonga chimatera m'nthiti. Usiku chidebe chimodzi ndicho chinali chimbudzi cha tonse, ndipo chikadzaza munkangofinyikira kukhoma. Khutu langa lakumanzere linafera komweko ndi mbama ya munthu amene dzina lake sanandiuze. Ana amati agogo samva chifukwa cha ukalamba, ine ndimangowasiya.

Chimene sindiiwala ndi kalaliki. Amakhala pambali ndi cholembera, womasulira akunena, iye akulemba. Pomaliza anagwira chala changa, nachiviika mu inki, nachidinda pansi pa pepalalo. Sanandiwerengere. Sindinaimepo pamaso pa woweruza aliyense, ndipo tsiku lotuluka anangoti pita, usakachitenso. Ndisakachitenso chiyani?

Bungwe la Devlin, lomwe Britain yemweyo anatumiza, linanena mu Julaye 1959 kuti dziko lino linali kulamulidwa ndi mantha a apolisi, kuti pomanga anthu panali nkhanza zosafunikira, ndiponso kuti chiwembu chopha azungu onse chija panalibe umboni wake. Boma lawo linakana mbali zazikulu za lipotilo. Nanga amene anatimenyawo, anayankhapo kuti?

Titalandira ufulu mu 1964 tinkati mwina tifunsidwa. Tinangopatsidwa tsiku la 3 Malichi, loti tizikhala phee m'nyumba, pomwe ndende zikudzazanso ndi anthu osazengedwa mlandu, ku Dzaleka ndi ku Mikuyu. Pambuyo pa 1994 kunabwera bwalo la chipepeso, koma linali la ozunzika mu ulamuliro wa Dr Banda. Iwo anayeneradi kupepesedwa. Ife a nthawi ya atsamunda tinaima kunja ngati mlendo pa maliro a eni.

Mdzukulu wanga, amene ndi mphunzitsi, ndiye anandiuza za ku Kenya. Okalamba ozunzidwa pa nkhondo ya Mau Mau anakasuma ku London, ndipo mu 2011 boma la Britain linavomera kuti linabisa mafayilo zikwizikwi a maiko amene linkalamulira, pamalo otchedwa Hanslope Park. A ku Nyasaland analinso momwemo. Mafayilo ena atsamundawo anawatentha pochoka. Mu 2013 Britain anavomera kulipira anthu 5,228 a ku Kenya ndalama zokwana mapaundi 19.9 miliyoni. Abale a anthu amene anaphedwa ku Nkhata Bay mu 1959 muja nawo anapempha chipepeso, koma ine sindinamve kuti wina walandira kanthu.

Ndalama sindikuzikana, koma khutu sizingalibweze. Ndikufuna pepala lija. Ndikufuna ndimve zimene analemba kuti ndinanena, ndi dzina la amene analamula kuti tigwade pa miyala.

Inu aphungu athu ndi maloya, kaitanitseni mapepala amenewo afike ku Zomba kosungira mbiri ya dziko, ndipo atiwerengere m'Chichewa. Fulumirani, otsala tilipo ochepa.