Mawu a Agogo mu Fulashi

Agogo ake anamwalira m'nyengo yachisanu ku Sizinda, dera la mumzinda wa Bulawayo kumene kunkakhala anthu ogwira ntchito ya njanji. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, dziko likutchedwabe Nyasaland, ndipo anakalambira ku Rhodesia Railways. Kumudzi sanabwererenso, anatchona. M'chaka chawo chomaliza, mdzukulu wawo wamkazi ankakhala nawo pakhonde madzulo n'kumajambula mawu awo pa foni: maina a makolo, mfunda wawo, dzina la mudzi ndi la mfumu, ndiponso miyambi imene iye, wokulira m'Chindebele, ankangoimva mwapatalipatali. Foni itadzaza, anasamutsira zonsezo mu fulashi n'kufufuta za pa fonipo.

Tsiku loika chiliza litayandikira, amalume ake anamuuza kuti alembe maina aja papepala kuti akawerengedwe kumanda. Mtsikanayo analowetsa fulashi mu laputopu. Kanyali ka fulashi kanayaka, laputopu inalira kamodzi monga mwa nthawi zonse, koma pamndandanda wa madisiki panalibe chatsopano. Anaizula, kuilowetsanso, kuyesa kabowo kena, kuzimitsa laputopu n'kuyatsanso. Sizinasinthe. Mtima unamuthamanga, pakuti kwina kumene mawuwo anasungidwa kunalibe.

Mnansi wina anati mankhwala ake n'kufomata basi. Mwamwayi, mtsikanayo anayamba waimbira msuweni wake amene amakonza makompyuta m'tauni.

"Asuweni, musayerekeze," anatero mnyamatayo. "Kufomata n'kusesa nyumba yonse, ndi katundu yemwe. Ngakhale kompyuta ikufunseni yokha, kanani."

Anamutsogolera pang'onopang'ono. Poyamba anati alowetse mausi m'kabowo komweko. Mausi inagwira ntchito, kusonyeza kuti kabowoko n'kamoyo. Kuyaka kwa kanyali kunatanthauza kuti magetsi akufika mu fulashi, ndipo kulira kuja kunali umboni wakuti Windows yamva kuti chinthu chalowa. Kenako anatsegula Device Manager kuti aone ngati pali chizindikiro chachikasu chosonyeza vuto la dalaivala. Panalibe. Chomaliza chinali Disk Management, pamene pamaoneka disiki iliyonse imene kompyuta ikuidziwa, ngakhale imene sikuoneka kwina.

Fulashi ija inali pomwepo, kukula kwake kolondola, yolembedwa kuti ili bwino. Chimene inasowa chinali chilembo chokha. Windows imapatsa disiki iliyonse chilembo, monga C kapena E, ndipo yopanda chilembo siioneka pamndandanda wa mafayilo. Izi zimachitika chilembo chikalimbirana ndi disiki ina, kapena kompyuta ikasiya kugawa yokha zilembozo. Mtsikanayo anadina pa Change Drive Letter and Paths n'kusankha F. Nthawi yomweyo mafayilo onse anaonekera, ndipo mawu okalamba aja anamveka m'chipindamo akutchula dzina la amayi awo.

Amalume, amene anakhala duu nthawi yonseyi, anafunsa chimene chinalakwika. Atamva, anaseka pang'ono n'kutulutsa chiphaso chawo chakale chachitsulo, chokhala ndi chilembo A, chosonyeza kuti ndi mlendo.

"Mwanawe, ine ndinabadwira kuno," anatero. "Ndinalipo masiku onse, koma m'mabuku mwawo sindinkaoneka."

Sankakokomeza. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana ambiri a matchona a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka kuti sakuwerengedwa ngati nzika, ndipo ambiri analephera kuvota. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 ndi amene anatsegula njira kwa obadwira mu Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Malamulo omwewo anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dzikomo. Komabe ku Sizinda, kupatula pa Gule Wamkulu, kutchalitchi ndi pamaliro, chilankhulochi chikumveka mochepa chaka ndi chaka, ndipo zambiri za kumudzi zatsala m'mitu ya okalamba ochepa.

Usiku womwewo mtsikanayo anakopera mafayilo aja mu laputopu ndi mu fulashi ina, n'kutumizanso kwa abale atatu pa WhatsApp. Kenako anatenga kope n'kuyamba kulemba mainawo ndi dzanja. Pena anaimitsa mawuwo n'kufunsa amalume tanthauzo la "chiwongo". Iwo anaganiza kanthawi, n'kunena kuti abwezere pambuyo, amvenso bwino mmene malemuwo analitchulira.