Buku Limene Linakaniza Amalume Ngongole

Mwezi wathawu mdzukulu wanga, amene anatsiriza maphunziro ake pa Chancellor College koma ntchito sanaipezebe, anafika kwathu kuno ku Matawale atavala malaya ositidwa bwino ngati munthu wopita kukafunsira mbeta. Atapereka moni anakhala kansonga ka mpando nati, "Agogo, ndabwera kuti mundibwerekeko mpamba wa K300,000. Ndikufuna ndizigula sitiroberi pamwamba pa phiri ndi kukagulitsa ku Blantyre." Ndisanayankhe anatulutsa foni yake ndi kundionetsa mabuku asanu ndi aŵiri ophunzitsa za malonda amene akuti anawaŵerenga onse mpaka kumapeto. Poona maina a mabukuwo ndinazindikira limodzi, ndipo mtima wanga unabwerera ku chaka cha 1978.

Bambo anga anali mesenjala m'maofesi a boma muno mu Zomba. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, iwo sanapite nao. Anati miyendo yao inakalambira m'miseu ya Zomba ndipo sikanatha kuphunziranso miseu yatsopano. Anapuma pantchito, nalandira tindalama tao, nakhala nato chete akudikira mwai. Mwaiwo unadza motere. Boma linalamula kuti amwenye asiye malonda a kumidzi ndi kukakhala m'matauni akuluakulu okha, monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba, ndipo pofika mu 1978 masitolo ambiri a m'misika ya kumidzi anali atagwera m'manja mwa Amalaŵi. Bambo anatenga imodzi pamsika wina wa panjira yopita ku nyanja ya Chilwa. Ine ndinali ndi zaka 16, ndili ku sekondale, ndipo patchuthi ndinkaima pakauntala.

Sindidzaiŵala tsiku lotsegula. Mashelufu anali odzaza ndi shuga, mchere, sopo, machesi, palafini, ulusi, singano ndi nsalu zitatu za biriwita. Amai anasesa pakhonde kaŵiri. Bambo anavala jekete lao la kuntchito naima pakhomo, ndipo aliyense wodutsa ankawatchula kuti "bwana", dzina limene kwa zaka zoposa makumi aŵiri iwo ankatchula ena.

Tsono abale anayamba kufika. Sindikunena izi mowanyoza, pakuti anali anthu omwewo amene anatipatsa chimanga chaka china cha njala. Koma uyu ankatenga sopo nati adzalipira akagulitsa mpunga; uyo ankatenga nsalu ya maliro; wina palafini, wina shuga wa mwana wodwala. Bambo sankalemba. Ankati kulemba dzina la mbale wako m'kope kuli ngati kumutcha wakuba. Ndiponso ife eni nyumba tinkadya momwemo: ndiwo zikasoŵa, dzanja linkaloŵa m'drowa; fizi ikafunika, m'drowa momwemo. Ndalama zinkaoneka tsiku lililonse, choncho tonse tinkaganiza kuti tikulemera. Chaka chisanathe, bambo anandituma kuti ndindandalike makatoni opanda kanthu m'mashelufu apamwamba kuti ogula asazindikire kuti katundu watha. Manyazi amene ndinamva ndili pamwamba pa mpando, ndikukonza makatoni amenewo, ndimawamvabe.

Mphunzitsi wathu wina wa masamu, atamva nkhaniyi, anandibwereka kabuku kong'ambika chikuto kotchedwa The Richest Man in Babylon. Anakalemba ndi George Clason wa ku America, ndipo kanatuluka mu 1926. Poyamba zinali timapepala timene mabanki ndi makampani a inshuwaransi ankagaŵira anthu ao, ndipo pambuyo pake anatisonkhanitsa kukhala buku. Muli nthano za anthu a mumzinda wakale wa Babulo, ndipo nzeru zake nzoŵerengeka pa zala: pa ndalama khumi zilizonse zimene wapeza sungako imodzi, usadye zoposa zimene wapeza, usapereke chuma chako kwa munthu wosadziŵa ntchito imene akuti akachita nacho, ngongole zako uzilembe ndi kuzibweza pang'onopang'ono. Basi.

Usiku uliwonse, titatseka sitolo, ndinkaŵerengera bambo pa nyali ya koloboyi, ndikumasulira m'Chicheŵa monga ndinkathera. Amai ankakhala pamphasa chapatali akusankha nyemba. Usiku wachitatu bambo anandidula pakati nati, "Iwe mwanawe, kodi mzungu ameneyu analemba buku lonseli kuti andiuze zimene amai akoŵa akhala akundiuza chitsegulire sitolo?" Amai sanatukule mutu. Anangoti, "Paja ine ndilibe chikuto."

Mau amenewo ndakhala ndikuwasinkhasinkha kwa zaka zoposa makumi anai. Anthu ophunzira amanyoza mabuku otere ponena kuti mulibe chachilendo, ndipo akunena zoona. Samuel Smiles wa ku Scotland analemba Self-Help mu 1859, ndipo chimene ananena nchakuti munthu alimbikire ndi kupirira. Dale Carnegie analemba How to Win Friends and Influence People mu 1936, ndipo chachikulu m'menemo nchakuti uzikumbukira maina a anthu, uziwamvetsera, ndipo usamakonde kukangana. Mmwenye amene anali m'sitolo yathu ife tisanaloŵemo ankadziŵa dzina la mai aliyense wa pamsikapo ndi la mwana wake wakumsana, ankawalonjera m'Chiyao, ndipo sankaiŵala kuika kamchere ka basela. Sindikhulupirira kuti anaphunzira zimenezo kwa Carnegie. Nanga ngati zonse nzodziŵika kale, phindu la buku lili pati?

Ine ndinaliona ndi maso, Loŵeruka lina m'maŵa. Bambo anali atagula kope la timizere, nalemba maina onse a ongongola monga anawakumbukirira, ndipo titaphatikiza zinakwana K412, ndalama zoposa katundu yense wotsala m'sitolo. Anali atatsegulanso buku la ndalama ku positi ofesi. Tsono anafika amalume, mlongo wao wa amai, munthu amene mau ake kwathu kuchikamwini anali lamulo, nati akufuna bulangeti ndi mapaketi aŵiri a shuga, adzalipira mwezi ukatha. Ndinaona bambo akumeza malovu. Kenaka anatola kabuku kaja pakauntala, nakakweza m'mwamba, nati, "Alamu, ine ndikanakupatsani ndi manja aŵiri, koma buku ili likukana." Amalume anayang'ana bukulo nthaŵi yaitali, chonsecho sankadziŵa kuŵerenga, ndipo anafunsa kuti, "Ndi la boma?" Bambo anati, "Ndi la ku America." Amalume anapukusa mutu, nalipira shuga mmodzi, napita. Udani sunabuke. Madzulo omwewo anadya nafe nsima.

Akuluakulu amati mlendo ndiye amayenda ndi kalumo kakuthwa. Amai akananena mau omwewo, akanatchedwa mkazi woumira amene waiŵala mchimwene wake. Bambo akananena mwa iwo okha, akanatchedwa mkamwini wodzikuza. Koma buku si mbale wa munthu. Silipita kumaliro, silidzafuna womunyamula likadwala, ndipo silichita manyazi. Linabwereka bambo pakamwa pake kuti anene chimene ankachidziŵa kale koma sankatha kuchitchula. Ndiponso mau olembedwa amakhala pomwepo. Amai ukawakalipira amaleka, koma tsamba ukalitsegula maŵa limanenabe zomwezo, mosakwiya ndi mosatopa. Munthu amene sangalole kulangizidwa ndi mkazi wake kapena mwana wake amalola kulangizidwa ndi pepala, chifukwa palibe womuona pamene akugonja.

Aŵerengi ena ayembekeza kuti ndinene kuti sitolo inapulumuka ndipo tinalemera. Iai. Inatsekedwa mu 1981, monga momwe anatsekedwera masitolo ambiri otere m'zaka zimenezo. Bukulo linafika mpamba utadyeka kale, ndipo panali zina zimene silikanatha kukonza. Mmwenye anali ndi abale ake ku Limbe omupatsa katundu pangongole ndi galimoto lomubweretsera. Bambo ankapikula ndi ndalama zapamanja, pang'onopang'ono, nanyamula pa basi. Vutoli silinali lathu tokha, ndipo mu 1979 kunakhazikitsidwa bungwe la DEMATT kuti lizilangiza amalonda a Chimalaŵi. Pa K412 ija tinatolako yosakwana theka. Koma m'buku la ku positi ofesi munali K96 pamene tinkabweza makiyi, ndipo bambo anatuluka m'sitolomo alibe ngongole kwa munthu aliyense. Ndalama imeneyo ndiyo inandilipirira mayeso, ndipo yotsala amai anayambira geni ya matemba, kukapikula ku Kachulu ndi kudzagulitsa mumsika wa Zomba.

Apa ndiyenera kuchitira amai chilungamo, pakuti iwo ndiwo anali wamalonda weniweni m'banja lathu. Sankadziŵa kulemba, koma anali ndi mfundo zitatu pansalu yao: ya mpamba, ya phindu, ndi ya maliro. Ya mpamba sankaimasula ngakhale mwana alire chotani. Ankadziŵa mwezi umene matemba amachuluka ndi umene amasoŵa, ankadziŵa kuti mulu wa m'maŵa suyenera kufanana ndi wa madzulo, ndipo nyanja ya Chilwa itauma mu 1995 sanakhale pansi kudandaula, anatembenukira ku mpunga ndi nyemba. Palibe buku la ku America limene likanawauza zochita nyanja ikauma.

Ndipo pano mpamene ndimachenjeza ana athu. Mabuku aŵa analembedwera maiko ena. Clason akuti sunga imodzi pa khumi, ndipo nzoona. Koma munthu amene anasunga makwacha ake pansi pa pilo anadzuka tsiku lina mu November 2023 napeza kuti kwacha yagwa ndi 44 pa 100 iliyonse. Kuno kusunga kumafuna nzeru yachiŵiri: kudziŵa nthaŵi yosandutsa ndalama kukhala mbuzi, malata kapena matumba a chimanga. Mabukuŵa sadziŵanso kuti kwathu kuno munthu sakhala yekha. Ukatsata tsamba lililonse mpaka kukana kuthandiza pa maliro a mbale wako, udzakhala ndi sitolo yodzaza ndi bwalo lopanda anthu. Bambo anapeza njira yao: anapatula kachitini ka abale, ndipo zikatha m'menemo, zatha. Izi sizinali m'buku, koma popanda buku sakanaziganiza. Alipo mabuku ena amene ine sindiwakonda konse, aja olonjeza kuti ukangolakalaka chuma mwamphamvu chidzakupeza. Amenewo amakoma ngati thobwa, koma munthu amadzuka nao m'maŵa ali ndi njala yomweyo. Buku labwino la malonda limatopetsa pang'ono, chifukwa limakutuma kukaŵerenga machesi.

Tsono ndibwerere kwa mdzukulu wanga. Ndinamufunsa kuti kambale kamodzi ka sitiroberi amagula zingati kwa anyamata aja amene amagulitsa m'mbali mwa mseu pafupi ndi Ku Chawe. Anayankha msanga. Ndinamufunsa za minibasi yopita ku Blantyre ndi kubwera, anayankhanso. Ndinamufunsa kuti pa timbale makumi aŵiri, tingati timafika titaphwanyika, ndipo zotsala osagulidwa zimakhala masiku angati zisanaole. Anakhala chete. Ndinamufunsa kuti miyezi imene zipatsozo kulibe adzagulitsa chiani, magalagadeya kapena mbatata ya kachewere. Anati aganiza. Pomaliza ndinati, "Nanga azakhali ako akadzati uwapatseko timbale tiŵiri ta alendo ao, adzalipira Lolemba, udzati chiani?" Anaseka nati, "Agogo, amenewo ndi azakhali."

Ndinaloŵa kuchipinda ndi kutsegula sutukesi. Kabuku ka Clason ndinabweza kwa mwini wake kalekale, koma kope la bambo ndili nalo. Mapepala ake afiira, ndipo maina ambiri olembedwamo ndi a anthu amene anatisiya. Patsamba loyamba pali dzina la amalume, ndi mzere wodula pakati, pakuti iwo okha analipira zonse. Ndinampatsa mnyamatayo kuti aŵerenge, ndipo anakhala nalo nthaŵi yaitali kuposa mmene ndinayembekezera, akutsata manambala ndi chala.

Sindinampatse K300,000. Ndinampatsa K60,000 ndi kope latsopano, ndipo ndinamuuza kuti akwere phiri maulendo anai, alembe tambala iliyonse yoloŵa ndi yotuluka, ngakhale ya chimanga chootcha chimene adzadye pa depoti, kenaka adzandionetse. Ndalamazo tinazilemba patsamba loyamba, iye nasaina, ine ndi agogo ake aakazi tikuona. Anadandaula kuti pafoni pali njira yachangu yolembera zonsezi. Ndinati alembe konse kuŵiri, pakuti maso anga saona bwino pafoni.

Wapita kale maulendo atatu. Ulendo woyamba analuza K7,500 chifukwa anaika timbale pansi pa mpando ndipo wina anapondapo. Wachiŵiri anabweza mpamba wokha. Wachitatu sanandiuze, koma dzulo azakhali ake anandiimbira foni ali okwiya, kufunsa kuti kodi ndi buku lanji limene ndampatsa mwanayu.