Duŵa Lobisa Bowo

Pakhonde pathu ku Area 23, kwa Tsabango, timapeta maluŵa pa zikwama ndi madiresi ndi makina a Singer opalasa ndi phazi. Nsalu timaikunga pamkombero ngati chikopa cha ng'oma, pakuti ikakhwefuka duŵa limatuluka lamakwinya.

Tsiku lina khala logwa m'simbi lidaboola diresi la mayi ena, limene adati akavale pa ukwati wa mwana wao. Usiku wonse tidapetapo duŵa lofiira, bowo lija nkubisika. Mwana wathu wamkazi, amene tikumphunzitsa ntchitoyi, adangotiyang'ana osanena kanthu.

M'maŵa mayiwo adayamikira duŵalo. Ife, poona maso a mwanayo, tidatembenuza diresi ndi kuŵaonetsa kuseri kwake.

"Mukadandiuza dzulo," adatero. Adalipira theka, ndipo kufikira lero sadabwerenso.