Zimene Inatiphunzitsa Nsalu ya ku Bayeux

Ena akaŵeruka ku ntchito amapita ku mpira, ena ku bawo. Ife aŵiri, amene timaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu imodzi, mtima wathu unatengeka ndi zinthu za ku Ulaya za zaka mazana ambiri zapitazo: zovala, zida ndi ntchito za manja. Koposa zonse tinakonda nsalu ya ku Bayeux, mzinda wa ku Normandy m'dziko la France. Nsaluyi ndi yabafuta, yopetedwa ndi ulusi wa ubweya wa nkhosa, ndipo kutalika kwake kumayandikira mamita 70. Imasimba m'zithunzi m'mene William wa ku Normandy anagonjetsera Harold, mfumu ya England, pa nkhondo ya ku Hastings, pa 14 Okotobala 1066.

Tsono popeza chokoma sadyera kumbali, tinatengera chikondi chathuchi m'kalasi. Kwa milungu iŵiri ana anadula zisoti ndi zishango ku makatoni, nalumikiza zitsekerero za mabotolo kuti zifanane ndi malaya achitsulo a ankhondo. Tsiku la seŵero litafika, sukulu yonse inasonkhana pabwalo, ndipo Harold atagwa anthu anaomba m'manja kwambiri. Tinapita kunyumba tili onyada.

Manyazi anatigwira pochonga mayeso. Pafupifupi mwana aliyense anakumbukira muvi wa m'diso, ndiponso nyenyezi ya mchira ya Halley, imene inaoneka mu 1066 ndipo inapetedwa pansaluyo. Koma pa funso lakuti nkhondoyo inabuka bwanji, ambiri anangolemba kuti Harold anali wabodza. Kodi anazitenga kuti zimenezi? Anazitenga kwa ife, ifenso tinazitenga pansalu.

Nsaluyo imaonetsa Harold akulumbira pamaso pa William, manja ake atagwira mabokosi a mafupa a anthu oyera. Pambuyo pake mfumu Edward itamwalira mu Januwale 1066, Harold yemweyo akuoneka atavala chisoti chaufumu. Woyang'ana zithunzizo sachedwa kuweruza kuti munthuyu anaphwanya lumbiro. Komatu akatswiri ambiri amakhulupirira kuti amene analamula kuti nsaluyo ipetedwe ndi Bishopu Odo, mbale wake wa William wobadwa naye kwa mai mmodzi, amenenso analipo pankhondopo. Zonsezi tinkazidziŵa, koma kukongola kwa akavalo ndi zombo kunatiiŵalitsa kuŵauza ana. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chaka chotsatira tinasintha njira. Makatoni sitinaŵataye ai, koma tisanayambe seŵero tinafunsa ana mafunso atatu: anapeta ndani, analipira ndani, nanga nchiyani chimene chinasiyidwa? Kenaka tinaŵafotokozera kuti pa 25 Sepitembala, kutatsala masiku 19 kuti nkhondo ya ku Hastings ichitike, Harold anagonjetsa Harald Hardrada, mfumu ya Norway, ku Stamford Bridge, kumpoto kwa England, ndipo anachita kuthamangira kumwera ndi ankhondo ake kukakumana ndi William. Nkhondo imeneyi pansalupo palibe. Tinaŵapatsa matumba akale a ufa, makala, singano ndi ulusi kuti apete okha chigawo chosoŵacho.

Mapetedwe ao sanali okongola. Akavalo ena ankaoneka ngati mbuzi. Koma ali mkati mopeta, mtsikana wina anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, nanga buku lathuli analemba ndani?" Tinayang'anana, pakuti funso limenelo ife sitinaŵapatse.

Kwa inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi tikuti: chimene mumachikonda chibweretseni m'kalasi, chifukwa ana amamuzindikira msanga mphunzitsi amene phunziro lake limamukomera. Koma musanachibweretse, chifunseni mafunso omwewo amene mukadafunsa chinthu chimene simuchikonda. Ife tinaphunzira zimenezi titasokeretsa kale kalasi lathunthu, ndipo ana a chaka choyambacho sitinapezenso mpata woŵakonzera nkhani ya Harold.